Tsiku Limene Ndinalasa Nguluwe

Nditabwerako ku tauni, ntchito yanga ya ulonda itatha, ndinapeza kumudzi kuno nkhani ili imodzi basi: nguluwe. Pamaliro nguluwe, pachigayo nguluwe, ngakhale potuluka m'tchalitchi ku Mua anthu ankayamba afunsana za nguluwe asanafunsane za odwala. Ine ndinkaseka. Ndinkati anthu akumudzi akasowa nkhani amakulitsa ndi kanthu kakang'ono komwe. Pa ubwana wanga wonse nguluwe yamoyo ndinaiona kamodzi kokha, nayonso ndinangoona kumchira ikulowa m'tchire.

Kusekako kunandithera m'munda mwa achemwali anga. Tinabadwa awiri okha, iwo oyamba, ine wotsatira. Ine ndinakwatira kutsidya kwa msewu waukulu, cha ku Mtakataka, ndipo ndimakhala komweko monga mkamwini. Iwo anatsala pamalo a mayi, m'munsi mwa phiri, kumapeto kwenikweni kwa mudzi. Ukapitirira munda wawo kulibenso nyumba. Kuli nkhwawa yaikulu yodzaza tsekera ndi minga, kenaka malire a nkhalango ya boma. Amuna awo anamwalira kalekale, ana anakula n'kubalalika, ndiye ankalima okha.

Tsiku lina m'mawa anatumiza uthenga kuti ndipite. Sanandipatse ngakhale mpando. Anangonditenga mpaka kumunda n'kuima, manja ali m'chiuno. Mizere isanu ndi umodzi ya chinangwa inali itagwetsedwa, nthaka itatembenuzidwa ngati mwadutsa thirakitala ya munthu woledzera. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti nguluwe sidya mwaulemu. Imafukula phata, kuluma chinangwa chimodzi, kuchisiya, n'kupita paphata lina. Zimene zinawonongeka zikanadyetsa banja mwezi wathunthu, koma zimene zinamezedwa sizikanadzaza lichero.

"Achimwene, mwaona?" anatero achemwali. "Chaka chatha zinandithera chimanga ndili maso. Chatsala ndi chinangwachi ndi kadimba kali kumtsinjeko. Zikandithera izinso, ine ndikupita kwa mwana wanga ku Bwanje. Bola ndizikapalira mpunga wa eni ake kusiyana n'kumalimira nkhumba za m'tchire."

Achemwali si munthu woopseza. Akanena chinthu ndiye kuti achiganizira kale miyezi itatu. Ndipo tanthauzo lake ndinalidziwa. Kwathu kuno malo amasungidwa ndi mwana wamkazi. Iwo akachoka ndiye kuti pakhomo pa mayi pazima moto, ndipo ine ndilibenso malo oti n'kuwatchula kwathu. Ndinawauza kuti asadandaule, ndiona chochita. Ndinalankhula ndi mawu a munthu amene wakhalako m'tauni, koma chochitacho sindinkachidziwa.

Tinayesa zimene aliyense ankayesa. Tinamanga zitini pachingwe kuzungulira munda. Tinapachika nsanza zonyika mu oilo wakuda wa kuchigayo. Wina anati nguluwe imaopa fungo la tsitsi la munthu, ndipo ine, bambo wa ana anayi ndi ndevu zanga, ndinakasesa pamalo ometera ku Golomoti n'kubwera ndi jumbo yodzaza. Chilichonse chinkagwira ntchito masiku atatu. Usiku wachinayi nguluwe zinkabwera n'kudya pambali pa nsanza yomweyo. Kulinda nako achemwali analinda, mpaka chifuwa chinawagwira chifukwa chogona panja.

Ndiye ndinapita kwa amalume, mlongo wawo wa mayi. Masiku amenewo ankangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasema mipini, koma kale anali mlenje wodziwika. Anthu a midzi yonse ya m'mbali mwa phiri akafuna kuchita uzimba, kusaka kwa pamodzi ndi agalu, ankadikira mawu awo. Pantchafu ali ndi chipsera chachitali chimene nguluwe inawasiyira, ndipo sachita kuwakakamiza kuti akuonetseni. Ndinawafunsa chimene chachulukitsa zinyamazi chonchi.

"Ukudabwa chiyani?" anatero osaleka kusema. "Akambuku adatha, ndiwo ankatola tiana take. Misampha ya waya a zankhalango adaichotsa, ndipo adachita bwino, waya sasankha nyama. Uzimba tidausiya, amuna nonse mudathawira ku tauni ndi ku Joni. Nguluwe imaswa ana anayi, asanu, chaka ndi chaka. Tsono ufuna zichepe ndi pemphero?"

Ndinati ngati zili choncho tiziphe zonse zithe, tipume. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Chimanga ukamapatulira umazula munda wonse? Ife sitinkasaka kuti nyama zithe, mphwanga. Tinkapatulira. Chaka chilichonse udzu ukauma tinkachotsapo ziwiri zitatu, zotsalazo n'kuzikumbutsa kuti kwawo n'kuphiri. Nguluwe imene idathamangitsidwapo ndi agalu imaphunzitsa ana ake mantha. Za masiku anozi zidabadwa osamva mfuu ya munthu. Zimayesa munda ngwa amawo."

Tisanachite kanthu tinakafunsa kwa a zankhalango, poti panalibe amene ankafuna kukagona m'chitokosi chifukwa cha nkhumba. Yankho lawo linali lomveka: kupitirira malire ayi, moto ayi, waya ayi. Koma gulu la nguluwe limene linkativutali linali litasamukamo kale m'nkhalango. Masana linkagona m'nkhwawa ija, pamalo a mudzi, n'kumayendera minda ya midzi itatu mosinthana. Pamenepo anati tili ndi ufulu woteteza mbewu zathu.

Tinasonkhana amuna ngati makumi atatu, ndipo kunena zoona tinali gulu lomvetsa chisoni. Ambiri tinali tisanagwirepo mkondo chibadwire. Mikondoyo inatuluka m'madenga itachita dzimbiri, ina mitengo yake itafumbwa. Agalu anali a pakhomo, ozolowera kuba mazira ndi kuuwa njinga zamoto. Amalume anawayang'ana mmodzimmodzi n'kungopukusa mutu. Agalu enieni osaka anali awiri okha, a bambo wina wa ku Golomoti, oonda ngati sadya koma maso ali gwa kutchire.

Amalume anali atayendera kale nkhwawayo masiku atatu, akuwerenga mapazi. Anati gululo lili ndi nguluwe zoposa khumi ndi zisanu, ndipo imene imatsogolera ndi yaikazi yaikulu. Anajambula pansi ndi ndodo kuti aliyense aone. Nkhwawa imatsika kuchokera kuphiri n'kukathira mumtsinje, pafupi ndi dimba la achemwali. Osaka ndi agalu alowe kuchokera m'mbali zonse ziwiri. Kumtunda kusiyidwe kotsegula kuti zothawa zithawire kuphiri, amikondo abisale m'mbali mwa njira imeneyo. Koma kumunsi, pamene nkhwawa imapanikizika pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, paime munthu mmodzi ndi chigubu chopanda kanthu. Ntchito yake n'kuchiimba ndi kamtengo osaleka, uku akukuwa, kuti nguluwe iliyonse yotsikira kumeneko ibwerere.

"Kuseri kwa miyalayo kuli bango wa mumtsinje," anatero. "Matope ake ngofika m'chiuno. Galu salowamo, moto sugwiramo. Zikalowa m'menemo taluza, ndipo kukadakhala bwino tikadazisiya pamene zili."

Kenaka anatikumbutsa lamulo la uzimba, ngakhale limeneli palibe anali ataliiwala. Nyama ndi ya munthu amene wayamba kuilasa, ngakhale atangoikanda khungu. Wachiwiri amatenga mwendo. Mwini agalu amalandira mutu ndi zam'kati. Otsalanu mumadya chifundo cha eni nyama. Anthu amene sanagwirepo mkondo anamvetsera lamuloli mwachidwi kuposa zonse zimene zinanenedwa tsikulo.

"Pampatapo uime iwe, mphwanga," anatero amalume akundiloza ndi ndodo.

Gulu lonse linaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti alonda abwerera pa ntchito. Zinandiwawa kwambiri. Ndinali nditanola mkondo wa malemu bambo masiku awiri, ndiponso ndinali nditauza kale akazi anga kuti asagule usipa Loweruka. Ndinati chigubu ndi ntchito ya ana, apatse wina.

"Mwana athawa ikamudzera," anayankha amalume. "Iwe udaima pageti zaka khumi ndi ziwiri. Kuima umakudziwa. Ndiponso dimba limene lili kumbuyo kwako n'la mlongo wako. Ena onsewa aziganiza za nyama. Ndifuna pamenepo paime munthu woganiza za dimba."

Ndinatenga chigubucho. Koma Loweruka m'mawa ndinanyamula chigubu dzanja ili, mkondo dzanja linali. Ndinavalanso jombo zanga za ku ulonda, zimene anandisiyira pondichotsa ntchito, kuti anthu aone kuti si ine munthu wamba. Amayi onse anauzidwa kuti akhale kunyumba ndi ana, mbuzi zisatulutsidwe.

Tinalowa dzuwa litakwera pang'ono, nthawi imene nguluwe zimakhala zitagona. Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe, pamene kuchigwa kuno ngakhale mthunzi umaotcha. Mpata wanga unali wa mapazi anayi basi, mwala uku mwala uku, pansi mchenga wouma. Kumbuyo kwanga ndinkamva fungo la matope a mumtsinje, ndipo ndikacheuka ndinkaona nsonga za chimanga cha achemwali, chobiriwira, chitangoyamba kubereka. Lipenga la nyanga litalira kumtunda ndinayamba kuimba chigubu.

Ntchito imeneyi ndi yonyozeka kuposa mmene imamvekera. Umaimba, umakuwa, ndipo palibe amene akukuona. Mkono unayamba kuwawa, kukhosi kunauma, tintchentche tinkalowa m'maso. Kumtunda kunkamveka agalu, mfuu, chisangalalo. Kwa ine kunali buluzi mmodzi pamwala, naye anatopa nane n'kuchoka.

Kenaka tsekera anagwedezeka patsogolo panga. Nguluwe zitatu zinatulukira, zofiirira, ubweya wa pamsana uli njo, zikutsika molunjika pampata. Ndinafuna kuthawa, sindinama. Koma ndinamenya chigubu ndi mphamvu zanga zonse n'kukuwa ngati wamisala. Yakutsogolo inaima, inanunkhiza, inapotoloka, zinzake n'kuitsatira kubwerera kumtunda. Ndikunena zimenezi kuti pasakhale wondikhululukira kuti sindinkadziwa. Ndinaona ndi maso anga kuti chigubu chikugwira ntchito.

Posakhalitsa kumtunda kunamveka mawu a munthu akukuwa kuti, "Yanga! Yanga!" Ndinawazindikira mawuwo. Anali a mnyamata wina wokonza mafoni pamsika, munthu woti ngakhale nkhuku amapempha mkazi wake kuti amuphere. Patapita kanthawi kunamvekanso wina. Mtima wanga unayamba kuwerenga nyama za eni ake. Ndinaganiza za madzulo, anzanga akudutsa ndi miyendo ya nguluwe pamapewa, ine ndikudutsa ndi chigubu.

Nthawi yomweyo, cha kumanzere kwanga pamtunda pang'ono, agalu awiri a ku Golomoti aja anapanikiza nguluwe yamphongo pachitsamba cha minga. Sinali yaikulu kwambiri, koma inali yonenepa bwino. Inkazungulira, agalu akuidumphira uku ndi uku. Panali mapazi ngati makumi asanu kuchokera pamene ndinaima, ndipo panalibe munthu aliyense pafupi. Ndinayang'ana nguluweyo, ndinayang'ana mpata. M'nkhwawa munali zii. Ndinadziuza kuti ndingopita kukaikanda n'kubwerera, mphindi ziwiri sizikwana. Ndinaika chigubu pamwala, ndinatola mkondo, ndinathamanga.

Ndinailasa paphewa. Mpaka lero sindidziwa kuti zinatheka bwanji, chifukwa ndinaponya nditatsinzina. Inalira n'kuthyola chitsamba, mkondo ukulendewera, agalu ali pambuyo. Apa ndi pamene lamulo lija limakolera munthu. Kulasa kokha sikukwanira, uyenera kukhalapo pamene nyama ikugwa, apo ayi wina anena kuti anayamba ndi iye. Ndinaithamangira ndikukuwa kuti yanga, yanga, minga ikunding'amba malaya. Inakagwera patsogolo pa amuna anayi amene anaimaliza ndi zibonga. Mmodzi wa iwo, bambo wa ndevu zaimvi woti ndinkamulemekeza, anayamba kunena kuti mkondo woyamba unali wake. Tinakangana. Ndinawaonetsa bala la paphewa, ndinawaonetsa magazi pamkondo wanga, ndinaitana mwini agalu kuti achitire umboni. Pomaliza anavomera kutenga mwendo. Nthawi imene inapita pamkanganowo sindinaiwerenge.

Nditabwerera pampata ndinapeza chigubu chili pamchenga, chitagwa pamwala paja. Ndinati ndi mphepo, ngakhale kunalibe mphepo. Sindinayang'ane pansi. Ndinachitola n'kuchiimba mwamphamvu kuposa poyamba, mpaka lipenga linalira kuti uzimba watha.

Zinafa zitatu. Tinazisenza pamitengo mpaka pansi pa mkuyu kunja kwa tchire, ndipo kunali chimwemwe. Amene anandiseka aja tsopano ankandigwira dzanja. Wina anati mlonda weniweni amagwira wakuba ngakhale ali pageti lina. Palibe amene anafunsa kuti munthu wa chigubu walasa bwanji nguluwe, kupatula amalume, amene sanafunse ndi pakamwa. Iwo ankayenda kwa amuna amene anabisala kumtunda, mmodzimmodzi, akufunsa kuti zadutsa zingati kupita kuphiri. Wina anati zinayi, wina anati mwina zisanu. Anafunsa ngati yaikazi yaikulu ija yaoneka. Palibe anaiona.

Anthu akutanganidwa ndi kusenda, amalume anandikodola. "Tiye ukandionetse pamene udaima."

Tinatsika awiriwiri, iwo patsogolo ndi ndodo yawo, akuyenda pang'onopang'ono. Titafika pamiyala paja anandiletsa ndi dzanja kuti ndisaponde. Ananjuta n'kuyang'ana mchenga nthawi yaitali. Pagulu lonselo wovala jombo ndinali ine ndekha, ndiye panalibe chovuta kuwerenga.

"Jombo iyi ikuchoka," anatero akuloza ndi ndodo. "Iyi ikubwerera. Tsono ona apa."

Pamwamba pa mapazi anga ochoka panali ziboda. Zinali zambiri, zazikulu ndi zazing'ono, zonse zikuloza kumtsinje. Mapazi anga obwerera anali ataponda pamwamba pa zibodazo. Amalume anawerenga ndi milomo yokha, osatulutsa mawu, n'kufika pa zisanu ndi zinayi. Chiboda chimodzi chinali chachikulu kuposa zonse. Ndinayamba kufotokoza za agalu, za chitsamba, za mphindi ziwiri zija. Anaimika dzanja.

"Nguluwe idalira msampha utaning'a," anatero. "Zidali zitatsala pang'ono kutembenuka zonse. Ukadangoimba kanthawi kochepa." Anadzuka movutikira atagwira bondo. "Ine sindiuza munthu. Nkhani ndi yako."

Anafufuta mapaziwo ndi phazi lawo n'kubwerera kumkuyu. Pogawa nyama ndinawapatsa nthiti zabwino kwambiri. Analandira n'kupatsira mwini agalu pamaso panga.

Madzulo ake ndinanyamula ntchafu yonse kupita nayo kwa achemwali. M'njira amayi ankaimba nthungululu, ana akunditsatira. Achemwali analandira ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo achimwene, basi. Ndinayesa kuti atopa. Ndinawauza kuti tsopano zinyamazi zaphunzira, sizibweranso msanga. Ndinanena zimenezi ndikudziwa kuti nguluwe zisanu ndi zinayi zili m'bango, mapazi makumi awiri kuchokera pachimanga chawo. Iwo anangoti, "Tiona."

Masiku anayi kunali bata, ndipo ndinayamba kudzinyenga kuti mwina zinadutsa mtsinje n'kupitirira. Usiku wachisanu zinalowa m'dimba. Kale zinkachita kuyenda mtunda kuchokera m'nkhwawa, n'kumagawa njala yawo m'minda ya midzi itatu. Tsopano zinali zitapeza nyumba yozizira, madzi pompo, chakudya pakhomo. Zinayamba chimanga, zinabwera pa mbatata, kenaka zinakwera kumunda wa chinangwa.

Ndinayendayenda kupempha uzimba wachiwiri. Anabwera amuna asanu ndi atatu okha. Tinaponya miyala m'bango, tinakuwa, tinakankhira agalu m'matope, iwo n'kutuluka akudzikutumula, osafunanso kubwereramo. Wina anakumbutsa anzake kuti m'madzi amenewo munaonekapo ng'ona, ndipo uzimba unathera pomwepo. Sindiwaimba mlandu. Minda yawo inali itapuma, chifukwa nguluwe zonse zotsala zinali zitasamukira kwa ife. Kwa iwo uzimba unayenda bwino kwambiri, ndipo mpaka lero amaukamba choncho.

Ndinasamukira kuchilindo cha achemwali. Masabata atatu ndinagona kumeneko ndi chigubu chomwe chija, akazi anga akudandaula kuti ndakwatira kumunda. Ndikaimba kumunsi zinkalowera kumtunda, ndikathamangira kumtunda zinkalowera kumunsi. Munthu mmodzi sangatseke munda wonse. Malo okhawo amene munthu mmodzi akanatha kutseka anali pamiyala paja. Pofika nthawi younga mizere, chinangwa chimene chinatsala achemwali anachikumba tsiku limodzi, chinakwana madengu awiri.

Sanachite mwambo uliwonse. Anangondiuza Lamlungu potuluka m'tchalitchi kuti Lachitatu ndibwere ndi njinga. Nkhuku anagawira anansi, mbuzi ziwiri anazipereka kwa amalume kuti aziwasungira. Ndinawapempha kuti adikire chaka chimodzi chokha, ndiwalimira munda wina kutsidya. Anati kutsidyako n'kwa akazi anga, iwo sangakakhale mlendo wa mlamu wawo ali ndi mwana wobereka okha.

Lachitatu ndinamanga katundu panjinga: mphasa, mapoto, thumba la makaka a chinangwa chija, ndi sutikesi imene anakwatiwa nayo. Ndinkakankha njinga, iwo ali pambuyo ndi mtolo pamutu. Kuchokera kumudzi kukafika pamsewu ndi ulendo wa ola limodzi. Mawu ndinali nditawasunga kuyambira tsiku la uzimba, ndipo ndinadziwa kuti akakwera minibasi sindidzawanenanso. Titawoloka njanji ndinaimika njinga.

"Achemwali, pali mawu."

Anaima osatula mtolo. Ndinawauza zonse, kuyambira pamene amalume anandiika pampata mpaka pa ziboda za pamchenga. Sindinachotsepo kanthu. Ndinawauza kuti ntchafu imene ndinawabweretsera ija ndi imene inawadyera dimba. Ndinkalankhula ndikuyang'ana tayala la njinga, chifukwa manyazi amene ndinali nawo sindinakhalepo nawo chibadwire.

"Ndikudziwa," anatero.

Ndinawafunsa ngati amalume anaulula. Anati ayi, amalume sananene kanthu.

"Tsiku lija ine sindinakhale kunyumba. Dimba langa, ndikanakhala bwanji m'nyumba? Ndinali kuseri kwa chulu, ndikumvera chigubu chanu. Chikamalira mtima unkakhala pansi. Chitasiya ndinakwera pachulupo. Ndinaziona zikutsika pamiyala paja, make patsogolo, tiana pambuyo, osathamanga n'komwe. Ndinakuwa kuti achimwene, achimwene, mpaka mawu anandithera. Inu munali uko, mukukuwa zanu. Yanga, yanga."

Ndinafunsa kuti nanga nyama ija analandiriranji.

"Ndikanaitaya? Chinangwa changa ndi chimene chinainenepetsa."

Ndinafunsanso chifukwa chake anakhala chete masabata onsewo, ine ndikugona kuchilindo kwawo, iwo akundiphikira.

"Kunena kukanabweza chiyani? Ndimafuna ndione ngati mudzanene nokha ndisanakwere galimoto." Anakonza nkhata pamutu. "Mwanena. Tiyeni, dzuwa likukwera."

Pamsewu sitinadikire nthawi yaitali. Minibasi yopita ku Golomoti inaima, kondakitala anakankhira katundu kumbuyo n'kumanga chitseko ndi chingwe. Achemwali anakhala pawindo, mtolo uli pamiyendo. Galimoto itayamba kuyenda anatulutsa mutu.

"Chitseko ndangochikankha. Mukamange ndi waya, mbuzi za anthu zingamagonemo."

Ndinabwerera ndikukankhabe njinga, ngakhale inalibe katundu. Ndinafika pakhomo dzuwa lili pamutu. Pabwalo panali posesedwa bwino, chifukwa achemwali anasesa m'mawa womwewo asananyamuke. Ndinamanga chitseko ndi waya monga anandiuzira, ndinachikoka kawiri kuona ngati chalimba. Kenaka ndinaima pabwalo pa mayi kanthawi ndithu, osadziwa woti n'kumutsanzika.